Sudi Sapita ku Masikati

Ngamiani, Tanga
12 Meyi 1997

Okondedwa achemwali a Riziki,

Mtendere wa Mulungu ukhale pa inu ndi onse a m'nyumba mwanu. Kuno tadzuka. Mvula ikugwa monga imagwera nyengo ino, msewu wathu wasanduka dambo, ndipo bondo langa lija layambiranso. Kalata yanu inandipeza pamodzi ndi nsalu ziwiri ndi botolo la mafuta onunkhira. Nsalu ndavala, mafuta ndasunga, zikomo kwambiri. Koma mawu a m'kalatamo ndikukubwezerani, chifukwa sanandikwane.

Mwalemba kuti alamu anga a Nasoro akufuna kutumiza tikiti kuti mlongo wathu Sudi abwere kwanuko ku Masikati, kutsidya la nyanja, adzagulitse matayala m'sitolo yawo, mwina dzuwa la kumeneko lingamuumitse n'kukhala mwamuna. Mwalembanso kuti mwamva zoti wazungulira mutu, wasiya gulu loimba nyimbo za taarabu la Mzee Kibwana lomwe linkamudyetsa. Amene anakuuzani nkhaniyi anaidula ngati telala wakuba nsalu. Khalani pansi ndikuuzeni ine amene ndinalipo.

Musaganize kuti ndikumuikira kumbuyo. Sudi ndi yemwe uja munamusiya. Ndevu zamera, mawu anenepa, koma maso ake akadali mpopi wopanda chotsekera. Ndinamupezera ntchito kumsika wa nsomba, anabwerako dzuwa lisanafike pamutu akuti nsomba zinkamuyang'ana zikupuma. Ndinamupezera ina pamalo okwerera mabasi, anachotsedwa chifukwa choimitsa basi yodzaza kudikira nkhalamba imene sinali kupita kulikonse, inkangotsanzikana ndi mdzukulu wake. Anthu akakangana kuseri kwa nyumba, amene sadya tsiku limenelo ndi Sudi. Bambo athu, Mulungu awakhululukire, anathyolera ndodo zambiri pamsana pake kuti asiye kulira, ndipo anapita kumanda asanaumitse ngakhale chikope chimodzi. Ndiye matayala a alamu anga achita chiyani chimene ndodo za bambo zinalephera?

Koma pali chinthu chimodzi chimene inu simukuchidziwa, poti munachoka asanayambe kupeka nyimbo. Ine, monga mukudziwa, ndimaphika m'maukwati, ndipo Sudi ndimamutenga kuti azindinyamulira nkhuni. Wonyamula nkhuni woipa chotero sindinamuonepo. Tsiku lina ndikufuna moto, ndinamupeza ataima pakati pa bwalo, mtolo uli paphewa, pakamwa pali yasa.

Ndinati, “Iwe, nkhunizo ukudikira kuti ziphuke masamba?”

Iye anati, “Achemwali, mwawaona mayi a mkwatibwi?”

“Ndawaona. Akudikira mpunga umene iwe ukuuchedwetsa.”

“Akuseka ndi pakamwa pokha. Taonani dzanja lawo. Akupotokola ngodya ya nsalu ngati akufinya khosi la nkhuku.”

Ndinamulanda nkhunizo n'kumutukwana. Patangopita masiku ochepa anapeka nyimbo ya mayi amene akupereka mwana wake kwa mwamuna amene sakumukhulupirira, ndipo pasanathe mwezi Tanga yonse inali kuiimba, ngakhale amuna oyendetsa njinga. Ine ndinaona mayi wonenepa wanjala, iye anaona zimenezo. Ndi mmene alili. Khungu lake n'lopyapyala ngati la anyezi, chilichonse chimamulowa. Chimene chimamuliza ndi chomwecho chimene chimamupatsa nyimbo, ndipo khomo lake ndi limodzi. Ine ndinazindikira zimenezi mochedwa, poti ndili ndi ntchito yeniyeni yochita. Mzee Kibwana anazizindikira msanga, poti iye ntchito yake ndi kudya thukuta la anzake.

Chaka chatha chitsiru chathuchi chinagwa m'chikondi. Mtsikana wake anali Saumu, mwana wa Bi Mwanaisha uja wogulitsa zitumbuwa pafupi ndi mzikiti. Si wokongola wodabwitsa, mano ake akutsogolo ndi otalikirana, koma ndi mtsikana yekhayo mu Ngamiani monse amene sankaseka Sudi akamalira. Ndinamufunsa tsiku lina pampopi, “Iwe Saumu, amuna atha mu Tanga? Ukufuna kukwatiwa ndi mvula?” Anandiyankha akuyang'ana ndowa yake, “Mwamuna wolira sangandimenye.” Nzeru za mwana amene anakula akuona mayi ake atatupa maso.

Sudi ananenepa, achemwali. Anayamba kudya mbale ziwiri. Ankalirabe, musaope, koma tsopano ankalira chifukwa choti dzuwa latuluka bwino. Nyimbo sizinaleke kubwera, zinangosintha. Ina inali ya mtsikana wopeta mpunga, ina ya mvula yogwa padenga la malata anthu awiri ali m'kati. Ine sindidziwa za nyimbo, koma ndinadzipeza ndikuziimba posenda adyo. Anakaziimbira Kibwana, ndipo Kibwana anamvera akutokosa m'mano, kenako anati, “Izi ukaimbire ana a sukulu. Chimwemwe sichigulitsa kaseti, mwana wanga. Ndibweretsere zija zopweteka.” Sudi anabwera kunyumba akuti Mzee akuoneka wotopa, mwina sakugona bwino. Munthu wakutukwana, iwe ukudera nkhawa tulo take!

Tinali titayamba kale kukambirana za ukwati. Mwadzidzidzi Bi Mwanaisha anabweza mphatso zathu zonse, atazikulunga m'nsalu yomweyo imene tinaperekera. Ndinapita kukafunsa chimene chalakwika. Anandiyankhira pawindo, osatsegula chitseko. Akuti wamva kwa anthu odalirika kuti Sudi ali ndi majini, ziwanda zija, kuti ndi majiniwo amamuuza nyimbo, ndipo mkazi amene adzagone naye nyumba imodzi adzabereka zinthu zopanda mafupa. Mwezi wa Ramazani usanayambe, Saumu anali atakwatiwa kale ndi mwini sitolo wina wa ku Korogwe, bambo wamasiye wa ana atatu, amene ali ndi mimba yolowa m'nyumba mwini wake asanafike. Mpunga wa ukwati umenewo sanandipatse ine kuti ndiphike, ndipo ndamva kuti unali wosapsa.

Sudi anagona pamphasa kuyang'ana khoma. Ndinamukalipira, ndinamuphikira, ndinamukalipiranso. Atadzuka, nyimbo zinayamba kutuluka ngati magazi. Kaseti imene gulu la Kibwana linatulutsa pambuyo pake inafika ku Mombasa, ku Unguja, ndipo ndikukhulupirira kuti inafikanso kwanuko. Mwina ndi yomweyo mumavina ndi akazi anzanu mutavala golide mpaka m'zigongono, uku mukulemba makalata onena kuti mwini nyimbozo ndi wamisala. Kibwana anagula njinga yamoto ndi mkanjo watsopano, ndipo anaikitsa dzino lachiwiri lagolide. Sudi anagula lamba, poti buluku linkamugwa.

Mmene ndinadziwira zoona zake ndi umu. Mwezi wa Malichi ndinkaphika pa ukwati wina ku Chumbageni, ndipo gulu la Kibwana ndi limene linkaimba. Masana, alendo asanadye, ndinali kuseri kwa mpanda wa makuti, masamba a kokonati, ndikukhetsa mpunga. Tsidya lina la mpandawo kunakhala Kibwana ndi Bi Chausiku, woimba wamkulu wa gululo, akudya nyama imene anaba m'sefuliya yanga. Bi Chausiku mukumukumbuka, uja wa mawu okuluwika ndi nsidze zojambula, amene amayenda ngati msewu anamugulira.

Ndinamva Chausiku akuti, “Koma Mzee, mnyamata uja waonda. Dzulo mphepo inatsala pang'ono kumutenga.”

Kibwana anati, “Aonde. Unamvapo wonenepa atapeka nyimbo? Sudi ndi mtengo wa kokonati, Chausiku. Ukafuna uchema uyenera kucheka m'mawa uliwonse. Ukasiya, bala limapola, madzi amaleka.”

Munthu woswali, wopemphera kutsogolo mumzikiti, akudziwa bwino chonchi za mowa wa uchema!

Chausiku anati, “Nanga tsopano ticheka pati? Mtsikana uja tinachotsa kale.”

“Unagwira ntchito yabwino kwa mayi wa zitumbuwa uja. Majini! Ine sindikanaganiza. Tsono mvera. Ndamva kuti Saumu ali ndi pakati. Ukamuuze Sudi Idi isanafike, koma umuuze ngati zangokupulumuka. Pamenepo tipezapo nyimbo zitatu.”

Kibwana anaseka mpaka kutsamwa. Chausiku anasekanso.

Achemwali, m'dzanja langa munali chipande, ndipo pambali panga panali mafuta owira. Mulungu ndiye anandigwira mkono, komanso eni ukwati sanandilakwire kanthu kuti ndiwaonongere tsiku lawo. Ndinamaliza kuphika, ndinatsuka masefuliya, ndinapita kunyumba, n'kumuuza Sudi zonse monga ndinazimvera, liwu lililonse, osasiyapo kanthu. Ine sindidziwa kukulunga mawu m'masamba.

Ndinkayembekeza kuti kamodzi kokha m'moyo wake atenga chikwanje. Iye anangoti, “Saumu ali ndi pakati? Mulungu amusunge. Amaopa magazi.”

Ndinati, “Iwe galu, wandimva? Anthu akukama ngati mbuzi! Anakuphera ukwati kuti agule njinga!”

“Ndamva, achemwali.”

“Ndiye tamvera. Kumenya sungathe, ndikudziwa. Koma Mulungu anakupatsa lilime. Peka nyimbo yomusenda Kibwana khungu. Utchule mimba yake, mano ake, njinga yake, akazi ake amene amamuseka akatembenuka. Iimbidwe pa Idi, akazi aziponya ndalama akumuloza, asadzayendenso masana mu Tanga muno.”

Misozi yake inayamba kutsika monga mwa masiku onse. Kenako anafunsa, “Bi Chausiku anaseka?”

“Anaseka!”

“Anaseka bwanji? Pamodzi ndi Mzee, kapena pambuyo pake?”

Ndinamugenda ndi nkhwaira. Munthu nyumba yake yapsa, iye akufunsa mtundu wa utsi. Koma poti anaumirira, ndinakumbukira, ndipo ndinamuuza kuti mkaziyo anaseka mochedwerapo pang'ono. Anagwedeza mutu ngati ndamuuza chinthu chachikulu.

Masiku otsatira ankangoyendayenda kudoko, milomo ikugwedezeka, ana akumutsatira ndi kumukuwiza. Apa ndiye pamene anthu anu odalirikawo anamuona n'kuyamba kunena za misala. Kenako m'mawa wina anandiuza kuti nyimbo yapsa, ndipo akukaiphunzitsa gulu masana omwewo. Ndinavala nsalu yanga yabwino, ndinadzola wanja wakuda m'maso. Ndinkapita kukaona nkhumba ikupsa, ndiye ndinayenera kuoneka bwino.

Gululo limaphunzira nyimbo kuseri kwa nyumba ya Kibwana, pansi pa mtengo wa mango. Panali woimba kodiyoni, woimba vayolini, oimba ng'oma awiri, ndi akazi oyandikana nawo atatsamira pampanda. Kibwana anakhala pampando wake wa ndalema, atandiona anati, “Aa, Mwamvita, lero watibweretsera mpunga?” Ndinati, “Lero mudya zina, Mzee.” Anaseka, poti chitsiru chimaseka ngakhale mpeni ukunoledwa.

Kaphunzitsidwe kawo n'kotere: Sudi amaimba mzere, Chausiku amabwereza, oimba zida amatsatira. Sudi anaima n'kuyamba ndi kamawu kake kaja kosamveka patali:

“Ndinagula riboni wofiira pamsika,
wogulitsa anati, mwana wanu ali ndi zaka zingati?”

Ndinati mumtima, riboni? Mimba ya Kibwana ili kuti? Chausiku anabwereza bwinobwino, akukonza chibangiri chake. Sudi anapitiriza:

“Ndinatchula zaka za tsiku lomwe anakwera sitima.
Kwa ine sanakule, tsitsi lake likadali m'zala zanga.”

Chausiku anasiya chibangiri chija. Anamuyang'ana Sudi. Anabwereza mzerewo, koma mawu ake anatsika, anatuluka ngati akudutsa pa mchenga.

Apa ndiyenera kukukumbutsani zakale, poti nanenso ndinali nditaiwala, ndipo Tanga yonse inaiwala. Chausiku anali ndi mwamuna, Athumani, wogwira ntchito ya njanji. Atamusamutsira ku Moshi anafuna kutenga mkazi wake kuti akasiye zoimba. Masiku omwewo wina anamunong'oneza Athumani kuti mkazi wake ali ndi chibwenzi m'gulu. Anamusudzula, anatenga kamwana kawo kakakazi n'kukwera nako sitima, ndipo sanabwerenso. Mwanayo lero ayenera kuti ndi mayi wa ana. Chausiku anatsala m'gulu, ndipo anthu amati kuyambira chaka chimenecho mawu ake anakoma kuposa kale. Za riboni palibe amene ankadziwa. Sudi anandiuza pambuyo pake kuti anamuona Chausiku kamodzi pamsika akugula riboni, n'kumubisa m'chikwama msangamsanga ngati wakuba. Kamodzi kokha, zaka zapitazo. Ine ndikanaona mkazi akugula riboni, basi.

Sudi anaimba mzere wachitatu, nkhope yonse itanyowa:

“Amene anandicheka ndinamupsompsona dzanja,
ndinanola mpeni wake, ndinachekera mwana wa mnzanga.”

Chausiku anatsegula pakamwa. Anafika pa “anandicheka” n'kulekera pomwepo. Wanja anasungunuka, anatsika m'masaya mizere iwiri yakuda. Mkazi uja, achemwali, amene anaimba pa maliro a mayi ake omubala osagwetsa dontho! Woimba kodiyoni anasiya, chida chake chinapuma chokha ngati ng'ombe yotopa. Wina ankatentha zinyalala kuseri kwa mpanda ndipo utsi unandivuta m'maso pang'ono, ndiye musamve zina kwa anthu.

Mukudziwa amene anaswa chetecho? Kibwana. Anadzuka pampando akuomba m'manja, mano agolide ali pamtunda.

“Eee! Imeneyi ndiye nyimbo! Sudi, mwana wanga, bwera ndikupsompsone! Chausiku, pa Idi udzalire chonchi, pomwepa pa mpeni. Usadzapukute, anthu adzaone. Adzaponya ndalama mpaka tidzasesa ndi tsache!”

Sanamve kanthu. Nyimbo yonse inamudutsa ngati madzi pamsana pa bakha. Munthu wakhala zaka zonsezi pakati pa nyimbo, makutu ake amangomva kulira kwa ndalama.

Chausiku anatembenuka pang'onopang'ono. Anati, “Mzee, amene anamuuza Athumani ndinu?”

Kibwana anakupiza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. “Aa, zakalekale zimenezo. Ukanapita ku Moshi bwenzi lero ukuphika nthochi, palibe wokudziwa dzina. Ndinakupanga ndine. Tiyeni, kuyambira poyamba.”

Chausiku sanatukwane, ndipo ndinamuona wopusa chifukwa cha zimenezo. Anangovala nkhwaira zake n'kutuluka pageti. Ndinamutsatira, poti ndinali nditavala kale bwino ndipo sindinkafuna kuphonya kanthu. Anayenda pakati pa msewu, nkhope ili bii ndi wanja, anthu akuima kumuyang'ana, mpaka anakafika pamalo pamene Bi Mwanaisha amakazinga zitumbuwa. Amuna anali akutuluka mumzikiti. Anaima pamenepo n'kukweza mawu aja amene amadzaza holo popanda chokuzira.

“Bi Mwanaisha! Za majini zija ndinanama ine. Sudi alibe majini. Ananditumiza Kibwana kuti mnyamatayo apwetekedwe mtima azipeka nyimbo. Mwana wanu munamugulitsa ku Korogwe chifukwa cha bodza langa. Aliyense amve!”

Ndipo aliyense anamva. Bi Mwanaisha anatembenuza chitumbuwa chimodzi, anatembenuza china, osadzutsa mutu. Kenako anati, “Ndiye ndichite nazo chiyani? Mpunga tinadya, mwana ali ndi mimba. Kalape kwa Mulungu, pano ukunditchingira ogula.”

Ndi anthu amenewa, achemwali, amene mukufuna kuti Sudi afanane nawo. Ouma bwino, maso oyera, osagwetsa msozi. Mayi amene wamva kuti anataya mwana wake chifukwa cha bodza, nkhawa yake ili pa mafuta kuti angapserere. Kulapa kwa Chausiku nakonso sikunabweze kanthu, ndipo ndinamuuza pamaso. Saumu ali ku Korogwe akuchapa zovala za ana a mkazi wakufa, ndipo adzakalambira komweko.

Pa Idi, Kibwana anaitanitsa kamtsikana kena ku Dar es Salaam, kovala diresi yonyezimira ngati nsomba, kuti kaimbe nyimbo zakale za Sudi. Kanaimba mawu onse molondola, kakumwetulira kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ngakhale pa nyimbo ya maliro. Anthu anayamba kutuluka gawo loyamba lisanathe. Woimba kodiyoni ndi mmodzi wa ang'oma anachoka m'gulumo sabata yomweyo. Ndipo a Ngamiani omwe aja ankatseka mawindo Sudi akamadutsa, lero akuti iwo ankadziwa kalekale kuti mnyamatayo ali ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Mayi wina anandibweretsera mwana wake wa chibwibwi kuti Sudi amugwire pamutu. Ndinamuuza kuti pano si pa sing'anga.

Sabata yatha Kibwana anabwera kwathu. Anabwera wapansi, njinga sindinaifunse. Anaima pakhomo chipewa chili m'manja, akuti, “Odi, odi, eni nyumba,” ndi mawu aulemu amene sindinkadziwa kuti ali nawo. Ndinali kukanda ufa wa mandasi. Ndinati, “Eni nyumba anapita kukacheka kokonati.” Koma Sudi anali atatuluka kale, ndipo anamuyalira mphasa. Mphasa yanga!

Kibwana anayamba. Akuti satana anamulowa. Akuti Sudi ndi mwana wake, anamutola palibe womufuna. Akuti dzina la Sudi lidzalembedwa pa kaseti ndi zilembo zazikulu, pamwamba pa lake. Akuti ali ndi mphwake wokongola ku Pangani, wofatsa, wodziwa kuphika, ukwati adzalipira yekha. Ndinaseka mpaka ufa unandilowa m'mphuno. Wakupha mbuzi yako akukulonjeza ina kuti adzaiphenso.

Nditayang'ana Sudi ndinaona kuti wayamba kale kulira. Ndinati basi, zatha, abwereranso kukakamidwa. Ndinatenga mthiko.

Sudi anati, “Mzee, manja anu akunjenjemera. Mwadya lero?”

Kibwana anaona kuti khomo latseguka, ananyowetsa mawu. “Ndidye bwanji, mwana wanga, iwe utanditaya?”

“Achemwali, apatseni tiyi.”

“Ndiwapatsa mthiko,” ndinatero.

Sudi anapukuta mphuno ndi mkono. Anati, “Mzee, ndikukumverani chisoni kwambiri. Mwakalamba, ndipo palibe amene amakukondani, ngakhale kunyumba kwanu. Ndakhala ndikuziona kuyambira kale, ndipo zimandipweteka. Koma sindibwera.”

Kibwana anati, “Ukuti chiyani?”

“Sindibwera, Mzee. Lero, mawa, ngakhale mudzadwale. Ndidzabwera kudzakuonani, koma nyimbo ayi.”

Anazinena akulira ngati mwana wotayika pamsika, koma anazinena katatu, ndipo Kibwana anayesa mbali zonse osapeza polowera. Ine ndinkaganiza kuti munthu wolira ndi munthu wogonja. Bambo ankaganizanso choncho, inunso mukuganiza choncho. Kibwana anadzuka, ulemu wonse unathera pamphasa pomwepo. Anati, “Udzafa ndi njala, mkazi iwe wa ndevu!” Pamenepo ndiye mthiko unagwira ntchito yake. Ndinamuperekeza nawo mpaka pamphambano, ndipo ndaona kuti ngakhale wopanda njinga amathamanga ndithu. Nditabwerera ndinapeza Sudi akudandaula kuti Mzee waiwala chipewa chake ndipo dzuwa limuwotcha.

Tsopano vuto langa ndi ili. Chausiku amabwera pakhomo pano masana aliwonse. Sindinamuitane, sindimamupatsa moni wokwanira, koma amabwera, amakhala pa mtondo wanga wogubuduzika, ndipo Sudi amamuphunzitsa nyimbo. Wa ng'oma uja amabweranso, ndi wa kodiyoni, amene alibe kodiyoni chifukwa chidacho chinali cha Kibwana. Amangokhala n'kumayendetsa zala pamaondo ngati wodwala. Ng'omanso alibe, ndiye akumenya masefuliya anga. Sefuliya yanga yaikulu yophikira mpunga wa biriyani, ija inasiyidwa ndi mayi, yayamba kale kupindika pansi. Akuimba zija Kibwana anazikana, ya mtsikana wopeta mpunga ndi ya mvula padenga, ndi zina zatsopano zimene sindingazitchule kuti ndi zachisoni kapena zachimwemwe. Dzana akazi a mumsewu muno anadzaza pampanda mpaka anauthyola. Mayi wina wa ku Makorora wafunsa kale ngati angadzaimbe pa ukwati wa mwana wake, ndipo ndinamuuza kuti akafuna oimba atengenso wophika.

Choncho tikiti ija musatumize. Sudi sapita ku Masikati. Akadzafika m'sitolo ya matayala adzayamba kulirira matayala akutha, alamu anga adzamubweza pa ndege yotsatira, ndipo tonse tidzachita manyazi. Ngati mtima wofuna kuthandiza ulipodi, gulani kodiyoni. Ndamva kuti kumeneko zilipo zabwino. Mupatsire Bi Rehema, wa kwathu uja ali kwanuko, akamabwera mwezi wa mawa, muikulunge m'nsalu kuti isanyowe. Sindikupempha chifukwa cha nyimbo, ine za nyimbo zilibe nane ntchito. Ndikupempha chifukwa cha masefuliya anga.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Nasoro. Muwauze kuti ngati akufuna wantchito wouma mtima, kuno aliko ambiri oti ndingawatumizire, kuyambira ndi mayi wa zitumbuwa. Moni kwa ana, Salimu ndi Zuwena, muwauze kuti ali ndi amalume ku Tanga, ndipo kaseti ija mumavina anapeka ndi iwowo. Azakhali a ku Mwakidila akupereka moni, akuti mafuta a bondo aja muwakumbukire. Manda a mayi ndi a bambo tinalambula mvula isanayambe. Bi Chausiku akuti ndikupatseni moni, ndipo ndalemba chifukwa waima pano akuyang'ana. Walembera kalata ku Moshi, yankho silinabwere, ndipo tsiku lililonse amafunsa wa positi ngati kuti mwana wotayika zaka zonsezi angakwane mu envelopu.

Sudi akupereka moni. Ndamuuza kuti ndikulembera inu, anafunsa ngati mumasekabe mukuphimba pakamwa ndi dzanja, ndipo monga mwadziwa kale, walira. Ndamusiya alire. Pakhomo pano palibenso womuletsa.

Ndine mng'ono wanu,
Mwamvita